Menna Msana

Mlongo wanga Menna anagwira ntchito moyo wake wonse atafulatira mwamuna wake. Sikuti ankadana. Ntchito yake inali imeneyo.

Kuno kugombe mayina a makolo ndi ochepa. Ukaitana Jones pamsika, theka la msika limacheuka. Ndiye munthu aliyense timamusanjikira dzina lina. Ine ndine Tegid Basi, chifukwa ndinayendetsa basi mumsewu wa m'mphepete mwa nyanja mpaka mawondo atakana. Alamu anga ndi a Idwal Makhadi. Mlongo wanga ndi Menna Msana.

A Idwal ankajambula malinga, awa a miyala amene mafumu akale anasiya pamwamba pa matanthwe. Zithunzizo zinkasindikizidwa pa makhadi amene alendo amagula nyengo yotentha n'kutumizira abale awo, kuti adziwe kuti mnzawo anafika kunyanja. M'sitolo iliyonse kuyambira ku Aberystwyth mpaka ku Conwy makhadi awo ankakhala pa chitsulo chozungulira chapakhomo. Pa khadi lililonse pali linga, thambo, ndi mkazi wovala chijasi chofiira ataima pakona chakumunsi, akuyang'ana ku linga. Mkaziyo ndi Menna.

Chofiiracho chinali ndi ntchito yake. Linga ndi lotuwa, nyanja yathu ndi yotuwa, thambo nalo masiku ambiri ndi lotuwa. Khadi lopanda chofiira siliyenda malonda. Koma nkhope a Idwal sankaifuna. Ankati nkhope imaba linga. Wogula akaona nkhope amadziwa kuti ulendowo unali wa munthu wina, koma akaona msana amalowa yekha m'chijasimo. Ine sindinatsutse. Makhadi ankagulidwa, anthu ankadya.

Anakumana kwathu ku Abermaw. Menna ankachapa nsalu za pabedi kuhotela ina. Tsiku lina akuweruka, atavala chijasi chimene mayi athu anamugulira, mnyamata wina wowonda wonyamula kamera anamupempha kuti angoima pang'ono pamchenga. Anaima mpaka imvi.

Kagwiridwe kawo kanali kosavuta. A Idwal ankaimika kamera pa miyendo yake itatu n'kumulozera poti aime. Kenako ankanena mawu awiri: "Msana, Menna." Iye ankatembenuka, manja m'matumba, osagwedezeka. Akatero onse ankadikira kuti mtambo uchoke padzuwa. Mtambo wa kuno sufulumira. Tsiku lina ankaima mpaka tiyi wa m'fulasiki atazizira, tsiku lina mpaka madzi a nyanja atamulowa m'nsapato. Sankacheuka kufikira atamva mawu ena awiri: "Zatha, Menna." Chijasi chikatha ankagula china, chofiira chomwecho. Mwana sanakhale naye. Anali ndi kagalimoto kotuwa, kamera ndi msewu.

Ndinamufunsapo kuti amaganiza chiyani akaima nthawi yonseyo. Anati miyala ndi miyala, achimwene, palibe choganiza. Patapita kanthawi anati nthawi zina amamvetsera mabelu. Mayi athu ankatiuza tili ana kuti pansi pa nyanja yathuyi pali dziko limene linamira ndi matchalitchi ake omwe, ndipo kukakhala bata mabelu ake amamveka. Ine ndayenda m'mbali mwa nyanjayi kuposa munthu aliyense ndipo sindinamvepo belu. Koma basi imasokosa.

Makhadi anasiya kuyenda malonda anthu atayamba kujambula okha ndi mafoni. A Idwal anasiya kuyendetsa galimoto maso awo atayamba kuchita nkhungu. Kenako mutu wa Menna unayamba kutaya zinthu. Poyamba zinali zazing'ono, ketulo pamoto, dzina la woyandikana naye nyumba. Kenako anayamba kupatsa moni mkazi wa pagalasi n'kumamufunsa kuti akufuna ndani. Tsiku lina m'mawa asodzi anamupeza ataima pamchenga, atavala zogonera ndi chijasi chofiira, madzi ali m'mawondo, akudikira woti amuuze kuti zatha. Pamenepo tinamupezera malo kunyumba yosamalira okalamba, kumtunda kwa tauni, kumene a Idwal ankatha kufika wapansi ndi ndodo yawo. Ankapita tsiku lililonse, kaya mvula kaya dzuwa.

Nyumbayo ili ndi kolido yaitali, zitseko zake zonse zofanana. Pachitseko chilichonse amamata chithunzi cha mwini chipinda, kuti woiwala akadziona adziwe kuti pake ndi pano. Pachitseko cha Menna panalibe kanthu. Iye ankalowa paliponse. Ankavala masilipasi a eni, kumwa tiyi wa eni, ndipo tsiku lina anamupeza atagona pabedi la mkulu wina amene kale anali dikoni. Mkuluyo sanadandaule. Amene anadandaula ndi ana ake.

Mayi Gwenda, oyang'anira nyumbayo, anatiitana. Ndi munthu wabwino ndipo sanazungulire. Anati ngati Menna sadziwa chitseko chake mwezi usanathe, ayenera kupita kunyumba ina yokiyidwa, kutali kuseri kwa mapiri, kumene kulibe nyanja. Msewu umenewo ndimaudziwa. Ndi wosintha mabasi, ndipo yomalizayo siyenda Lamlungu. Kwa munthu wosaona bwino ngati alamu, ndiye kuti kumuona kamodzi pamwezi, akachita mwayi. Mayi Gwenda anati tibweretse chithunzi cha nkhope yake, tiyese.

Tinafufuza m'nyumba ya alamu monse. Mabokosi a zithunzi anali mpaka kudenga, ndipo Menna analimo kambirimbiri. Msana ku Harlech, msana ku Cricieth, msana pa chipale chofewa, msana pakati pa nkhosa. Nkhope ayi. Zithunzi za ukwati zinawonongeka chaka chimene nyanja inalowa m'nyumba za mumsewu wathu. Atsikana ogwira ntchito kunyumba ya okalamba anayesa kumujambula ndi foni, koma Menna akangoona munthu akukwezera chinthu kumaso, ankatembenuka, manja m'matumba. Dzina langa ankaliiwala. Ntchito sanaiiwale.

"Kalipentala wokhala pansi ndinu alamu," ndinawauza. "Dziko lonse munalijambula, nkhope ya mkazi wanu mulibe."

Sanaseke. Anati m'nyumba Menna sangamvere munthu, koma kumalinga angawamvere iwo, chifukwa kumeneko mawu awo ndi amene ankamuimika ndi kumumasula. Akamuuza kuti atembenuke, atembenuka. Chimene chinkasowa ndi woyendetsa galimoto. Ndinati tinyamuka mvula ikangokata.

Tinanyamuka m'mawa wa chifunga. Mayi Gwenda anatipatsa mankhwala ake m'kabotolo n'kutiuza kuti tisamutopetse. Kamera yaikulu ndi miyendo yake tinaika kumbuyo, yaing'ono a Idwal anaikoleka m'khosi. Menna anakhala pampando wakumbuyo atavala chijasi chake, chitini cha buledi wa zipatso chili pamiyendo.

Msewu wopita ku Harlech umayenda pamwamba, nyanja ili kumanzere. Tsiku limenelo nyanja kunalibe. Kunali chifunga chokha, choyera, chosalala, ndipo nkhosa zinkatulukamo theka theka n'kulowanso. Titangodutsa tchalitchi cha ku Llanaber, Menna anasintha. Anakhala tsonga n'kuyamba kutchula mayina a mafamu tisanawafike, ndi mageti amene ankaimapo kumwa tiyi, ndi galu wina wakuda amene ankawathamangitsa, amene anafa kalekale. Ine ankanditchula kuti a dalaivala. Anandifunsa ngati ndikuwadziwa achimwene ake a Tegid, amene amayendetsa basi ngati anyamula mazira. Ndinati ndimawadziwa, ndi munthu wosamala. Anati ayi, ndi amantha.

Ku Harlech chifunga chinali chitadzaza chigwa chonse, kubisa milu ya mchenga ndi njanji, ndipo linga linali pamwamba pake lokha, ngati chombo chimene chaiwala kumira. Kale nyanja inkafika patsinde pa thanthwe limenelo. Inachoka pang'onopang'ono, ndipo masitepe amene ankatsikira kumadzi lero amatsikira pa udzu. M'mawa umenewo zinkaoneka ngati yabwerera.

Pali kathanthwe kum'mwera kwa tauni pamene ankajambulira nthawi zonse. Tisanatsitse n'komwe kamera, Menna anali atayenda yekha n'kukaima pamalo ake enieni, pakati pa miyala iwiri, ngati anachokapo dzulo. A Idwal anaimika kamera n'kumuitana kuti ayang'ane kuno. Sanacheuke. Anamuitananso, mofatsa, kuti lero akufuna nkhope.

"Nkhope imaba linga, bambo," anayankha Menna ali chifulatire. "Jambulani, mtambo ukubwera."

A Idwal ananyamula kamera ndi miyendo yake yomwe kuti amuzungulire. Iye anazungulira nawo, msana uli ku kamera. Anazungulirana pa kathanthwe paja ngati tambala ndi thadzi, ine ndikuonerera. Kenako alamu anayesa kumupusitsa. Ananena kuti zatha, chala chili pa batani. Menna anacheuka, n'kuona diso la kamera lili chimulozere, n'kubweza msana msanga, n'kuwakalipira kuti asamaseweretse filimu. Chala cha munthu wokalamba chimachedwa. Anapeza khutu ndi tsitsi.

Tinalowa m'kasitolo kena kuti tigule mkaka wa tiyi. Chitsulo cha makhadi chinalipo pakhomo, chadzimbiri, ndipo pakati pa makhadi atsopano panali akale angapo, osuluka ndi dzuwa. Menna anachizunguza, n'kusolola limodzi. Linali la ku Cricieth, nsanja ziwiri, nyanja, ndi chijasi chofiira pakona. Analionetsa mtsikana wogulitsa n'kumuuza kuti ameneyu ndi iyeyo. Mtsikanayo anati zoona agogo, mwaulemu, maso ali pa foni yake. Menna analiika m'thumba n'kutuluka. Ndinalipira ine.

Tinapitirira chakumpoto. Pa mlatho wautali wa ku Porthmadog chifunga chinang'ambika, mapiri n'kuonekera kawiri, ena kumwamba ena m'madzi. Menna anagona, kukamwa kuli yasa. A Idwal anati ku Caernarfon zitheka, chifukwa kumeneko kuli tsidya la mtsinje, moyang'anana ndi linga, kumene ankakhala okha awiri, ndipo Menna ankakukonda. Ndinawauza kuti Caernarfon imene akuikumbukira inatha. Anati ine ndimadziwa malo okwerera basi okha.

Tinapeza mabasi a alendo atandanda, anthu ali piringupiringu tsidya lonselo. Aliyense anali atakweza foni. Menna atatsika m'galimoto anaona mayi wina akujambula, n'kumufulatira. Kumene analozako kunali mnyamata ndi foni yake. Anatembenukanso. Kumenekonso kunali wina. Anayamba kuzungulira pamalo amodzi, pang'onopang'ono, kufunafuna koti aike msana wake, ndipo kunalibe. Manja anatuluka m'matumba. Anayamba kuitana mayi athu. A Idwal anavula chipewa chawo n'kumuphimba nacho kumaso, n'kumamuuza kukhutu kuti zatha, zatha, mpaka tinamufikitsa m'galimoto. Kamera sinatuluke n'komwe m'thumba lake.

Tinagona kwa msuweni wa alamu, kunja kwa tauni. M'mawa a Idwal anati tibwerere kwathu, amuzunza mokwanira. Tili m'njira anayamba kundifunsa za mabasi opita kuseri kwa mapiri, kuti yoyamba imanyamuka nthawi yanji, posinthira pali pokhala kapena ayi, nanga nyengo yozizira imayenda. Ndinawayankha zonse, chifukwa ndimazidziwa. Kenako ndinakhota kulowera ku Cricieth. Anafunsa chifukwa chake. Ndinati nsomba za kumeneko amakazinga bwino.

Tinadyera m'galimoto, titayang'ana kunyanja, nsomba ndi tchipisi zili pamapepala. Linga la ku Cricieth ndi laling'ono. Amene analiyamba ndi mafumu athu, osati a Angerezi, mwina n'chifukwa chake silidzitama. Lili pamutu pa phiri lolowa m'nyanja, nsanja ziwiri ndi khomo pakati. Menna ankadya ndi zala, maso ali komweko. Ndinamuyang'ana pagalasi la galimoto, nkhope yonse ili poyera, yopanda chobisa, italoza ku linga. Ndinapukuta m'manja.

"Alamu, munthuyu nkhope saibisa. Amaipereka ku linga. Inu ndi amene mwakhala mukuima kolakwika."

Anandiyang'ana. Ndinati kamera yaikulu ndiima nayo ine, kumbuyo kwake, kuti akhale ndi choti achifulatire. Iwo atsogole ndi yaing'ono, akabisale mumdima wa pakhomo la linga. Anati ine kamera sindiidziwa, ndingaigwetse. Ndinati ndayendetsa chinthu chonyamula anthu makumi asanu, sindingalephere bokosi la miyendo itatu. Anati mawu anga si awo, Menna sangamvere. Ndinati ngati samvera tibwerera kwathu monga mmene amafunira, palibe chimene titaye.

Tinakwera phirilo pang'onopang'ono, nkhalamba zitatu, wina ndodo, wina miyendo ya kamera paphewa, wina chijasi. Mphepo kunalibe. Nyanja inali phee, yotuwa mowala ngati lata latsopano, ndipo pamene imathera ndi pamene thambo limayambira sipankaoneka. Kutali kunali kabwato kamodzi, kolenjekeka m'mwamba popanda chokagwira. Mbalame zoyera za kunyanja zinali zitakhala pamakoma, zosalira. Alendo anali awiri okha ndipo ankatsika.

A Idwal anatsogola ngati akukafuna pokhala, n'kulowa pakhomo paja. Mdima unawameza. Ine ndinaimika kamera pa udzu. Menna anayang'ana kamera, anayang'ana ine, kenako anapita yekha kukaima chakumanzere, pafupi ndi khomo, pamene kanjira kamakhota.

"Msana, Menna," ndinatero.

"Mwendo umodzi wafupika, a dalaivala," anatero iye. "Chithunzi chipendama."

Koma anatembenuka. Manja analowa m'matumba.

Ndinaika diso pa kamera chifukwa ndinalibe china chochita. M'menemo munali khadi lija. Nsanja ziwiri zotuwa, thambo lotuwa, ndi kadontho kofiira pakona. Ndaona makhadi amenewo moyo wanga wonse, m'masitolo, m'mabasi, pamakoma a anthu, koma ndinali ndisanaimepo pamene alamu ankaima. Pamenepo palibe phokoso. Munthu amangoona msana wa mnzake, n'kumadikira kuwala, ndipo nthawi siyenda. Sindikudziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Kabwato kaja sikanasunthe.

Zimene a Idwal anaona anandiuza pambuyo pake. M'diso la kamera ankaonabe bwino kuposa ndi maso okha, ndipo Menna anali pafupi. Anali atatsinzina. Mutu unali utapendekera pang'ono kunyanja, ngati munthu womvetsera zolankhula za m'chipinda china. Makwinya a pachipumi anali atafafanizika. Sankamwetulira, sankadandaula, ankangokhala ngati munthu amene akuwotha dzuwa la m'mawa. Alamu anati chala chawo chinali pa batani koma chinakana. Anangoima n'kumamuyang'ana.

Ine zimenezo sindinkazidziwa. Ndinkangoona dazi lawo likuyera mumdima, osamva kulira kwa kamera. Ndinawakodola ndi dzanja. Palibe. Ndinatsokomola. Palibe. Mawondo anayamba kundiwawa, ndipo mtambo unali kubwera kuchokera ku Harlech. Ndinaona kuti tikhoza kuima pamenepo mpaka atatseka geti.

"Zatha, Menna," ndinatero.

Anatsegula maso. Patsogolo pake, pakhomo la linga, panali mwamuna wake.

"Bambo inu, mukutani m'chithunzi? Chokanimo, simunavale chofiira!"

Anaseka, kuseka kwake kwakale kotulukira m'mphuno. Pamenepo ndinamva kamera ikulira, kamodzi.

Pobwerera tinawolokanso mlatho wa ku Porthmadog. Titawoloka, a Idwal anati zaka zonsezi ankaganiza kuti Menna amayang'ana linga. Ndinati ine Menna anandiuza kale kuti miyala ndi miyala. Menna ali kumbuyo anati lero mabelu analira bwino, n'kufunsa ngati tinawamva. Alamu anati anawamva. Ine ndinati sindinamve. Anati a dalaivala makutu anu anatha ndi injini.

Filimu a Idwal anaitsukira m'kachipinda kawo kamdima ka pansi pa masitepe, mongopapasa, chifukwa manja ankaidziwa ntchitoyo kuposa maso. Chithunzi chinatuluka bwino. Sindidziwa zambiri za zithunzi, koma mlongo wanga ndimamudziwa, ndipo ameneyo anali iyeyo. Maso otsegula, mano apansi osowa limodzi, tsitsi loyera litaimirira mbali imodzi, kolala yofiira, kumbuyo kwake thambo ndi kamunthu kosaoneka bwino katawerama pa kamera. Kamunthuko ndine.

Tinapita nacho kunyumba ya okalamba. Mayi Gwenda anachiyamikira n'kuchimata pachitseko, pamlingo wa maso. Kenako anakamutenga Menna kuchipinda chochezera n'kuyenda naye mu kolido, osamuuza kanthu, kuti tione ngati aima yekha. Chijasi Menna anali atavala. Chibwerere kuulendo ankakana kuchivula.

Anaima. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, nkhope ili pafupi. A Idwal anagwira ndodo yawo ndi manja awiri.

"Gogo ameneyu ndani?" anafunsa Menna. "Wavala chijasi changa."

Mayi Gwenda anamuuza mofatsa kuti ndi iyeyo, ndipo chipinda ichi ndi chake. Menna anakana. Anati iye samudziwa mayi ameneyu, ndipo ngati chipinda ndi cha mayiyu, iye salowamo, akafuna kwina. Anayamba kuyenda kulowera kuchitseko cha dikoni uja. A Idwal anamugwira pamkono n'kumuuza kuti anamujambula okha, ku Cricieth, tsiku la mabelu lija. Pamenepo Menna anapsa mtima. Anati iwo sanajambulepo nkhope chibadwire, asamunamize ngati mwana. Anapisa dzanja m'thumba, n'kutulutsa khadi lija la ku Cricieth, litapindika pakona, n'kuliika pamphuno pa mayi Gwenda.

"Ine ndine uyu."

Mayi Gwenda analiyang'ana khadilo. Anayang'ana alamu. Kenako anamatula chithunzi chija mosamala n'kuwapatsa, n'kupempha Menna kuti awabwereke khadilo pang'ono. Analimata pamalo omwewo. Menna anabwerera m'mbuyo, n'kupendeketsa mutu, n'kunena kuti thambo osindikiza analipaka utoto wambiri, tsiku limenelo silinali choncho. Atatero anatsegula chitseko n'kulowa, n'kukhala pabedi lake, n'kuyamba kuvula nsapato.

Mwezi unatha ndipo za nyumba ya kuseri kwa mapiri palibe anazitchulanso. Masilipasi a eni amavalabe, koma amagona pake. A Idwal amakwerabe kumtunda tsiku lililonse ndi ndodo yawo. Masiku ena Menna amawadziwa, masiku ena amawafunsa ngati abwera kudzakonza mawindo. Nthawi zina amafika pachitseko chake n'kuima, atafulatira kolido, manja m'matumba, osalowa. Atsikana a kumeneko anaphunzira. Amamusiya kanthawi, kenako wina podutsa ndi thireyi amati, "Zatha, Menna," iye n'kulowa.

Chithunzi cha nkhope chili kukhitchini kwa alamu, pamwamba pa ketulo. Anachikhoma okha. Maso awo tsopano atsala pang'ono kutheratu, ndipo ndikapita kukamwa tiyi amandifunsa ngati chili chowongoka. Chinapendama pang'ono chakumanzere. Ndimati chili bwino.